Galu wa mnansi akaluma mwana, amalipira ndani: mwini galu kapena a inshuwalansi?

Wofunsa:

Abale, ndithandizeni nzeru. Mwana wa zaka 8 walumidwa ndi galu wa mnansi pamkono ndi patsaya. Galuyo anatulukira pageti lomwe linasiyidwa losatseka, mwanayo akudziyendera mumsewu. Mwini galu akuti ali ndi inshuwalansi ya nyumba komanso ina ya galuyo, koma akupempha kuti nkhani ithere pakhomo: iye apereke ndalama ya kuchipatala, makolo asayine kuti zatha. Pa inshuwalansi ziwirizo, imene imalipira wolumidwa ndi iti? Chipukuta misozi amachiwerengera bwanji? Nanga makolowo asayine kapena adikire?

Namwino:

Pepani kwambiri ndi zomwe zamuchitikira mwanayo. Za ndalama ayankha ena, ine ndiyambe ndi bala, chifukwa zomwe zilembedwe kuchipatala masiku ano ndi zomwe a inshuwalansi adzawerenge.

Bala la galu limatsukidwa ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako n'kuthira ayodini ngati alipo. Mwana akamalira mphindizo zimatalika, koma musadule, chifukwa kutsukako n'komwe kumachotsa malovu onyamula kachilombo ka chiwewe. Mukatero, kuchipatala tsiku lomwelo. Malangizo a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, ndi akuti kumene kuli chiwewe, galu akangokanda osatulutsa magazi pamafunika katemera, ndipo mano akaboola khungu pamafunika katemera pamodzi ndi immunoglobulin, mankhwala olimbana ndi kachilomboko katemera asanayambe kugwira ntchito, amene amabayidwa m'bala momwemo ndi m'mphepete mwake. Katemera wobaya mumnofu amaperekedwa tsiku 0 (tsiku la jakisoni woyamba), 3, 7, ndipo wachinayi pakati pa tsiku 14 ndi 28. Zipatala zina zimabaya m'khungu, malo awiri ulendo uliwonse, tsiku 0, 3 ndi 7. Immunoglobulin saperekedwanso pakadutsa masiku 7 chibayire katemera woyamba. Bala la kumaso limafuna changu kuposa la kumwendo chifukwa lili pafupi ndi ubongo. Tengani khadi la mwana la katemera kuti aonenso za kafumbata. Ngati jakisoni womaliza wa kafumbata wapitirira zaka 5, amabayanso.

Dzino la galu limasiya kabowo kakang'ono kunja pamene mkati mnofu waphwanyika. N'chifukwa chake bala la padzanja kapena pamkono nthawi zambiri salisoka msanga, kuopa kutsekera tizilombo mkati. La kumaso amalisoka akalitsuka bwino, poti magazi amayenda kwambiri kumeneko ndipo limapola msanga. Kachilombo kotchedwa Pasteurella kamatha kutupitsa bala tsiku limodzi lisanathe. Mankhwala omwe madokotala amapereka kawirikawiri poteteza ndi amoxicillin-clavulanate kwa masiku 3 mpaka 5. Mukaona kutupa kukukula, mafinya, thupi kutentha kapena zala kukanika kupinda, bwererani osadikira tsiku lomwe anakuuzani.

Tsono za mapepala. Pemphani kuti dokotala alembe mawu akuti "walumidwa ndi galu", osati "bala" chabe. Alembe tsiku ndi nthawi, kuchuluka kwa mabala, kutalika kwa lililonse m'masentimita, kuya kwake, ulusi wosokera ungati, ndiponso ngati anayesa zala ndi kumva kwa khungu. Jambulani balalo mutayika rula pambali pake, poyera bwino: tsiku loyamba, sabata iliyonse mpaka lipole, kenako mwezi ndi mwezi. Malaya ong'ambikawo musachape kapena kutaya. Lembani m'kope masiku amene mwana walota zoopsa, wakodzera pogona, wakana kutuluka panja kapena wajomba kusukulu. Zimenezi pakatha chaka palibe amazikumbukira bwino.

Chipsera chimasintha kwa miyezi 12 mpaka 18 chisanakhazikike, ndipo anthu ena, makamaka akhungu lakuda, chimawatupa n'kusanduka keloid. Palibe dokotala amene angakuuzeni sabata ino mmene tsaya limenelo lidzaonekere.

Wa za inshuwalansi:

A Wofunsa, inshuwalansi yokhudza galu ilipo ya mitundu iwiri ndipo ambiri amaisokoneza. Ina imalipira galuyo akadwala kapena akavulala; pamenepo mwana wolumidwa sapezapo kanthu. Imene ikukukhudzani ndi gawo lotchedwa liability, lomwe limalipira munthu wakunja amene wavulazidwa ndi mwini inshuwalansi, a m'banja mwake kapena chiweto chake. Gawoli kawirikawiri limakhala mkati mwa inshuwalansi ya nyumba kapena ya katundu wa m'nyumba, ndipo makampani ena amaliyika pa inshuwalansi ya galu. Choncho funsani mwini galuyo zinthu zitatu: dzina la kampani, nambala ya pangano lake, ndi ngati m'panganomo muli liability yokhudza agalu. Mapangano onse awiri awerengedwe.

Mayiko amasiyana pa izi. Ku America inshuwalansi ya nyumba nthawi zambiri imakhala ndi liability ya pakati pa $100,000 ndi $300,000, kuphatikizapo kagawo kakang'ono, ka $1,000 mpaka $5,000, kolipira chithandizo cha kuchipatala popanda kufunsa kuti wolakwa ndani. Ku Britain liability imapezeka kwambiri pa inshuwalansi ya galu. Ku Germany madera ena monga Berlin, Hamburg ndi Lower Saxony amakakamiza mwini galu aliyense kukhala nayo.

Kayendetsedwe kake n'kofanana pafupifupi kulikonse. Woyamba kudziwitsa kampani ndi mwini galu, mwamsanga ndiponso polemba. Pafupifupi pangano lililonse limamuletsa kuvomera mlandu, kukambirana za malipiro kapena kupereka ndalama kampani isanalole. Apa mpamene mnansi wanuyo akudzikola yekha: akalipira mwamseri, kenako pakatha miyezi isanu n'kupezeka kuti mwana akufunika opaleshoni, kampani ikhoza kukana ponena kuti anachedwa kunena ndipo anaswa pangano. Muuzeni zimenezi mwaulemu, chifukwa kupita ku kampani kukumuteteza iye yemwe.

Makolo alembe kalata yaifupi kwa mwini galu, kope lipite ku kampani. M'kalatamo mukhale tsiku, nthawi, malo, zomwe zinachitika, kuvulala kwake, chipatala chomwe chikuthandiza, ndi mawu akuti akufuna chipukuta misozi koma kuchuluka kwake adzanena chithandizo chikatha. Kampani idzapereka nambala ya claim, lomwe ndi pempho lofuna malipiro, n'kutumiza wofufuza. Ameneyo amakaona geti ndi loko wake, kutalika kwa mpanda, mabuku a galu kwa dokotala wa ziweto, n'kufunsa anansi ngati galuyo analumapo kale. Jambuliranitu getilo lero, asanalikonze. Wofufuzayo akafuna kujambula mawu a makolo, iwo anene zomwe anaona basi. Asaganizire zomwe sanaone, ndipo asayankhe mwachizolowezi kuti "ali bwino tsopano", chifukwa mawu amenewo amalowa m'failo.

Zomwe zimachititsa kampani kukana ndi izi. Wolumidwa akakhala wa m'nyumba yomweyo, liability siigwira, poti ndi ya anthu akunja. Makampani ena salandira mitundu ina ya agalu, monga pit bull kapena Rottweiler, kapena amayika malire otsika pa agalu amenewa. Mwini galu akabisa polembetsa kuti galuyo analumapo kale, pangano likhoza kuthetsedwa. Akakhala kuti anasiya kulipira mwezi ndi mwezi, palibe chitetezo. Galu wolondera shopu kapena woweteredwa malonda amafuna inshuwalansi ya bizinesi, ya nyumba siimukhudza. Ndipo ngati mwiniwake anachita kumutuma galuyo dala, palibe kampani imene imalipira.

Onaninso malire a ndalama ndi excess, yomwe ndi gawo loyamba limene mwini pangano amalipira yekha. Zopitirira malire zimachoka m'thumba mwa mwini galu. Kampani ikakana, mlandu wa mwini galu suthera pomwepo. Chasowa ndi womulipirira chabe.

Chinanso chimene chimadzidzimutsa anthu: ngati inshuwalansi ya zaumoyo ya makolo ndiyo yalipira kuchipatala, nthawi zambiri imakhala ndi ufulu wobwezeredwa ndalama zake kuchokera pa chipukuta misozicho. Ziwerengereni m'claim, apo ayi mudzazibweza kuchokera pa gawo la mwana.

Wa zamalamulo:

Yankho la funso lomaliza ndi lakuti asasayine. Ndifikako, koma poyamba dziwani kuti, kupatula kagawo ka kuchipatala ka ku America kaja, kampani imalipira pokhapokha lamulo litapeza mwini galu ndi mlandu, ndipo lamulolo limatengera dziko kapena dera lomwe galu walumira munthu.

M'madera ena mwini galu amalipira ngakhale sanalakwitse chilichonse. California ndi choncho, pa gawo 3342 la Civil Code: galu akaluma munthu pamalo a aliyense kapena pamalo pomwe munthuyo ali mololedwa, mwini wake alipira, kaya galuyo anali wofatsa chibadwire. Ku South Africa kuli lamulo lakale la actio de pauperie, loti chiweto chikachita zosemphana ndi chikhalidwe cha chiweto cha pakhomo, mwini wake ndiye woyankha. Mu 2020 khoti lalikulu la apilo kumeneko linatsimikiza lamuloli pa mlandu wa bambo wina amene anadulidwa mkono atalumidwa ndi agalu atatu mumsewu ku Port Elizabeth. Mwini agaluwo ananena kuti geti linatsegulidwa ndi munthu wosadziwika, koma khoti silinamumasule. M'madera ena, monga Texas ndi Virginia, wodandaula amayenera kusonyeza kuti mwini galu ankadziwa kuti galu wake ndi wolusa, kapena kuti anachita mosasamala. Ku England lamulo la Animals Act la 1971 limayang'ananso zomwe wosunga galuyo ankadziwa za khalidwe lake. Pa nkhani yanuyi geti losatseka ndi umboni wamphamvu wa kusasamala, kotero pezani mboni zomwe zinaliona lili lotsegula, mulembe mayina ndi manambala awo. Kanenaninso kupolisi kapena ku ofesi yoona za ziweto kuti pakhale lipoti la tsiku lomwelo.

Mwini galu ndi kampani yake amadziteteza ndi mfundo zodziwika: wolumidwa anamuputa galuyo, analowa pamalo popanda chilolezo, kapena ankadziwa kuopsa kwake n'kudziyika dala pangozi. Khoti likapeza kuti wolumidwa anathandizira ngoziyo, m'madera ambiri limadula ndalama molingana ndi gawo lake. Wolakwa pa magawo 25 mwa 100 amalandira 75. Mwana sayesedwa ndi muyeso wa munthu wamkulu, amayerekezedwa ndi mwana wa msinkhu wake. Musadabwe akafunsa kuti wamkulu womuyang'anira anali kuti.

Chipukuta misozi chili pawiri. Gawo loyamba ndi la ndalama zooneka: chipatala, mankhwala, katemera, thiransipoti, mafizo, uphungu, malipiro omwe kholo lataya pojomba kuntchito, ndi chithandizo cha mtsogolo monga opaleshoni yokonza chipsera. Chilichonse chikhale ndi lisiti, ndipo za mtsogolo zimafuna lipoti la dokotala wodziwa za opaleshoni yokonza khungu, lonena kuti pafunika maopaleshoni angati ndipo liti. Gawo lachiwiri ndi la ululu, chipsera, mantha ndi zomwe mwanayo sangathenso kuchita monga kale. Limeneli lilibe lisiti. Amaliyeza poyerekeza ndi milandu yofanana yomwe makhoti anaweruza kale. Ku England oweruza amagwiritsa ntchito buku la malangizo la Judicial College. Chipsera cha kumaso kwa mwana chimalemera kuposa cha pantchafu pa munthu wamkulu, chifukwa chimaonekera ndipo adzakhala nacho zaka zambiri. Mtsempha wa kumaso ukakhudzidwa, mwana n'kumamwetulira mbali imodzi, ndalama zimakwera kwambiri.

Tsono za kusayina. Chikalata chonena kuti ndalamayi yathetsa nkhani yonse chimatseka khomo ngakhale pa mavuto omwe sanaoneke. A Namwino anena kuti chipsera chimakhazikika pakatha miyezi 12 mpaka 18. Kusayina sabata yoyamba n'kugulitsa chinthu musanadziwe mtengo wake. M'mayiko ambiri, England ndi chitsanzo, mgwirizano wa chipukuta misozi cha mwana sugwira ntchito khoti lisanauvomereze, ndipo ndalamazo zimasungidwa mpaka mwanayo atakwana zaka 18. Kudikira kuli ndi malire ake: ku England ndi ku South Africa nthawi yosumira ndi zaka 3, ku California ndi zaka 2. Kwa ana malamulo ambiri amatalikitsa nthawiyi, ku England imayamba kuwerengedwa mwana akakwana zaka 18, koma umboni sudikira choncho. Mboni zimasamuka, galu amafa, mwini galu amasintha kampani. Tsegulani claim panopa, kutseka kudikire lipoti lomaliza la dokotala.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse, mwatitsegula maso. Pali zina zatulukira. Mwini galuyo ndi wa lendi, nyumbayo si yake, ndipo akuti galuyo anamupeza atalembetsa kale inshuwalansi ya nyumba, kampani sinauzidwe. Akuopa kuti akanena amuthetsera pangano. Kampani ikakana, makolowo alowere kuti?

Wa za inshuwalansi:

Kusauza kampani za galu sikutanthauza kuti basi yakana. Zimatengera zomwe kampaniyo inafunsa. Ngati fomu yolembetsera kapena yokonzanso pangano chaka ndi chaka inafunsa za ziweto iye n'kuyankha kuti alibe, vuto lilipo. Ngati sinafunse, ndipo pangano silinena kuti munthu akapeza chiweto adziwitse kampani, gawo la liability likhoza kugwira ntchito monga mwa nthawi zonse. Awerenge ndime ya zomwe kampani siilipira ndi ndime ya kusintha kwa zinthu pakhomo. Mantha a kuthetseredwa pangano ndi omveka, koma kubisa kumangowonjezera chifukwa china chokanira, chomwe ndi kuchedwa. Komanso inshuwalansi ya galuyo inatengedwa galu alipo kale, ndiye ngati muli liability mmenemo, funso loti kampani sinadziwe za galu silingabuke.

Kampani ikakana, ikane polemba ndipo itchule ndime imene yatsamira. Mwini pangano ndiye amadandaula, poyamba ku kampani komweko, kenako ku bungwe loyang'anira madandaulo a inshuwalansi m'dzikomo. Ku Britain ndi Financial Ombudsman Service, ndipo kampani imapatsidwa masabata 8 kuti iyankhe nkhani isanapite kumeneko.

Makolo aonenso mapangano awo. Inshuwalansi ya zaumoyo ilipira chipatala popanda kudikira mlandu. Ya ngozi, kaya ya banja kaya yomwe sukulu inatengera ana, imalipira ndalama yoikika pa kugonekedwa m'chipatala kapena kulumala, posatengera wolakwa. Mapangano ena a nyumba amakhala ndi gawo lolipirira loya. Kwa ena owerenga pano: munthu wolumidwa ali pantchito, monga wobweretsa makalata kapena wowerenga mita, amayamba ndi chipukuta misozi cha ovulala pantchito, ndipo m'madera ambiri akhozanso kusumira mwini galu. Mwini nyumba naye amakhala ndi inshuwalansi yake, imeneyonso ifunsidwe.

Wa zamalamulo:

Pa za mwini nyumba ndichenjeze pang'ono, akulu, kuti makolowo asayembekezere zambiri. Mwini nyumba si wosunga galu. Makhoti ambiri amamugwira pokhapokha ngati ankadziwa kuti galuyo ndi woopsa ndipo anali ndi mphamvu yomuchotsa koma sanatero, kapena ngati geti ndi mpanda zinali udindo wake, anauzidwa kuti zawonongeka n'kuzisiya. Geti labwinobwino lomwe wa lendi anayiwala kutseka si mlandu wa mwini nyumba. Ngati loko anali wothyoka, fufuzani mauthenga omwe wa lendiyo anatumiza podandaula ndi masiku ake.

Popanda inshuwalansi, funso lalikulu ndi loti mwini galu angakwanitse kulipira zingati. Kupambana mlandu kwa munthu wopanda katundu kumasiya makolo ndi chigamulo m'manja ndi ngongole ya loya. Pamenepo mgwirizano wolipira pang'onopang'ono umathandiza, koma ulembedwe bwino: ndalama zonse, ya mwezi uliwonse, tsiku lolipira, chochitika akaphonya, ndi mboni ziwiri. Ndalama ya kuchipatala yomwe akufuna kupereka panopa ikhoza kulandiridwa, kampani itadziwitsidwa kale, bola lisiti linene kuti ndi gawo chabe la malipiro ndipo silikuthetsa nkhani. Mlandu ukapita ku khoti la milandu ya upandu, monga zimachitikira ku England pansi pa Dangerous Dogs Act ya 1991, woweruza akhoza kulamula chipukuta misozi pomwepo, ngakhale kuti ndalamazo amaziyeza ndi zomwe wolakwayo amapeza.

Dokotala wa ziweto:

Ndiwonjezere za galuyo, poti pamakhala mkwiyo ndipo anthu amathamangira kumupha. Musamuphe, ndipo musalole kuti mwini wake amusamutse. Galu amene waluma munthu amatsekeredwa n'kuyang'aniridwa masiku 10. Akakhala wamoyo ndi wathanzi masiku onsewo, ndiye kuti pa tsiku lomwe analuma munalibe chiwewe m'malovu ake, ndipo dokotala wa mwana akhoza kusiya jakisoni wotsala. Koma katemera wa mwana sadikira masiku 10 amenewo, amayamba tsiku loyamba. Galuyo akafa kapena akayamba kusintha khalidwe, kudontha dovu, kulephera kumeza kapena kupuwala miyendo, dziwitsani a zaziweto nthawi yomweyo. Amayeza ubongo, choncho mutu usaphwanyidwe, ndipo mtembo usagwiridwe ndi manja opanda magolovesi.

Khadi la katemera wa galu mulione ndi maso anu n'kulijambula. Onani tsiku la jakisoni womaliza, tsiku lotha mphamvu, kachizindikiro ka botolo komwe kamamatidwa pakhadipo, ndi sitampa ya amene anabaya. Onetsetsani kuti mtundu, msinkhu ndi maonekedwe olembedwa pakhadi ndi a galu yemwe waluma, chifukwa pakhomo pa agalu angapo makhadi amasinthanitsidwa. Ngati ali ndi microchip, kachipangizo komuzindikiritsa koikidwa pansi pa khungu, nambala yake ilembedwe m'lipoti la apolisi ndi la kuchipatala cha ziweto. Mabuku athu amasunganso mawu monga "amafunika chotsekera kukamwa pomupima" kapena "analuma wothandizira", ndipo m'madera omwe lamulo limafunsa zomwe mwini galu ankadziwa, mzere umodzi woterowo ndi womwe umagamula mlandu. Ife sitipereka mabukuwo kwa munthu wamba popanda chilolezo cha mwini galu, koma loya kapena wofufuza wa kampani akhoza kuwaitanitsa mwalamulo, ndiye makolo atchule dzina la chipatala cha galuyo m'kalata yawo yoyamba.